Ndinkati Mwamuna Wanga Akunenepa

Inu owerenga, ine ndinatsala pang'ono kuika mwamuna wanga m'manda chifukwa chokonda kutamandidwa.

Tinakwatirana nthawi ya chipani chimodzi, iye ali kalaliki pa boma ku Petauke, munthu woonda ngati bango. Patapita miyezi masaya anadzaza, nsapato zinayamba kumuthina. Apongozi atabwera kuchokera ku Kacholola anandigwira dzanja, amvekere mwana wawo wapeza mkazi wodziwa kuphika. Ndinayamba kudzimva. Mchere unkasowa masiku amenewo, koma ndinkapirira dzuwa pamzere kuti ndiwo zake zizikolera. Akadandaula kuti akudzuka zikope zitatupa, mkodzo ukuchepa ndiponso ukuchita thovu, ndinkamuseka kuti ndi matenda a mabwana.

Tsiku lina anabwerera panjira ya kuntchito ali wefuwefu. Kuchipatala dokotala wachikulire anamudina ndi chala pamsongolo. Atachotsa chalacho panatsala kadzenje.

"Amai, aya si mafuta iyai," anatero dokotalayo. "Ni manzi. Impso zalema."

Ankanena madzi. Anandifotokozera kuti impso zilipo ziwiri chakumsana, iliyonse yosaposa chibakera changa. Magazi onse a m'thupi amadutsamo mobwerezabwereza, munthu ali maso kapena ali mtulo. Zoipa, mchere ndi madzi opitirira muyeso zimazitayira mumkodzo, zofunika n'kuzibwezera m'magazi. Ine wotopa ndi kupeta lichero limodzi ndinangoti kakasi. Tinthu timeneti tinkandigwirira ntchito chibadwire, ine osadziwa n'komwe pamene tili.

Anamugoneka m'chipatala, mchere anauletsa, ine anandipatsa botolo loti ndiziyezera mkodzo wake tsiku ndi tsiku. Masiku oyamba munkangogwa timadontho, ndipo ndinkachita mantha kuliyang'ana. M'mawa umene linadzaza ndinagwada pakati pa odwala n'kulira, botolo lili m'manja, anthu akundidabwa. Chinthu chimene ndinkanyansidwa nacho moyo wanga wonse chinali chitandibwezera mwamuna.

Anatuluka, koma impso zinatsala zofooka, moti patapita zaka zochepa ntchito anaisiya ana athu akadali aang'ono. Dokotala sanandibisire kuti tikanafulumira sizikanafika pamenepo.

Choncho wanu akayamba kufufuma nkhope ndi mapazi, musafulumire kuomba m'manja. Mufunseni za mkodzo wake ngakhale zichititse manyazi, ndipo mupite naye kuchipatala. Mankhwala anachotsa madzi onse aja m'thupi mwa mwamuna wanga, koma miyezi inayi imene ndinatha ndikumuseka palibe dokotala anatha kuibweza.