Chikopa Chibwere ndi Makutu Ake

Ine pepala sindiliwerenga. Akulemba izi ndi mwana wanga wamkazi, amene timasoka naye zikwama kuno ku Kapata, ndipo ndamuuza kuti alembe zonse, ngakhale pamene iye mwini sakuoneka bwino.

Ntchito ya zikopa ndinaitola kwa malemu amuna anga, amene ankasoka nsapato pamsika. Iwo akamasoka, ine ndinkawapakira ulusi phula, maso ali pa zala zawo. Atamwalira anandisiyira singano ya ngowe, mpeni ndi mbuzi zinayi kumunda kwathu ku Madzimoyo. Singano ndi mpeni zilipo mpaka lero. Mbuzi zinabedwa chaka chomwecho, zonse zinayi. Patapita masiku ndinapeza chikopa cha imodzi chitayanikidwa kuseri kwa malo ena ootcherako nyama. Ndinachidziwa ndi banga loyera la pamsana, koma makutu anali atadula. Mwini malowo anandifunsa umboni. Ndinalibe. Paja kwathu kuno banja lililonse limacheka khutu la mbuzi mwamtundu wake: ena kamphanda kunsonga, ena kuboola, ena mabala awiri m'mbali. Wakuba amayamba wataya makutu.

Choncho nditayamba kufufuta zikopa ndi kusoka zikwama, ndinadziikira lamulo limodzi: chikopa chibwere ndi makutu ake, ndipo wochibweretsa anene khola limene mbuziyo inatuluka. Khutu ndiye ndimaliwerenga bwino, ndipo makola a kumbali kuno ambiri ndimawadziwa.

Chaka china, anthu atangogulitsa thonje, kunafika mayi wina amene ali ndi shopu ya alendo odzaona nyama ku Mfuwe. Anali ataona chikwama changa paphewa pa nesi wina, n'kufunsafunsa mpaka kutipeza. Ankafuna zikwama makumi atatu pakutha pa miyezi iwiri. Ananena mosabisa kuti zikapanda kukwana pa tsikulo, akatenga za kufakitale ku Lusaka ndipo kwathu sadzapondakonso. Ife tinali tisanagulitsepo zoposa zisanu pamwezi. Ndinavomera.

Chikwama chimodzi chimadya chikopa chimodzi. M'nyumba tinali ndi zofufuta kale khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndiye zinkasowa khumi ndi ziwiri. Kufufutako kulibe chidule. Chikopa chimayamba mchere, kenako mlungu wathunthu m'diramu ya laimu kuti ubweya uthothoke, kupala, kutsuka, n'kugona milungu itatu m'madzi a makungwa a muula mpaka chifiire ngati tiyi. Zikopazo ndinkazifuna msangamsanga.

Nkhani ku Kapata sigona. Mkuja wake kunaima njinga yamoto pakhomo, bambo wina wachilendo n'kutsitsa mtolo. Zikopa khumi ndi ziwiri ndendende, zazikulu, zothira kale mchere, zopanda boo ngakhale limodzi. Ndinayamba kuzitambasula chimodzichimodzi. Nditatembenuzira kumutu, ndinapeza zonse zili zosalala ngati dzungu.

"Nanga makutu apita kuti, atate?"

"Agalu, ambuya."

"Agalu a kwanu ndi aulemu. Kudya makutu onsewa osaluma chikopa n'chimodzi chomwe?"

Anaseka, n'kundifunsa ngati ndimasoka zikwama kapena makutu. Ndiye anatulutsa pepala lodinda, mwana wanga n'kuliwerenga. Linkati mbuzizo zinagulidwa mwachilungamo. Nditafunsa khola, anatchula mudzi wina, ndipo nditamufunsa nyumba ya ndani m'mudzimo, anati waiwala.

Mwana wanga anandikokera kuseri kwa nyumba. Anati pepala lilipo, chidindo chilipo, ndipo mlendo wogula chikwama ku Mfuwe sadzafunsa za khutu. Anati zaka zonsezi takhala tikusokera pansi pa mtengo wa mango, mvula ikagwa n'kuthawira m'chipinda chogona ndi zikopa zonunkha, ndiye lero mwayi wadziimika pakhomo ine ndikuukankha ndi phazi. Zonse ananenazo zinali zoona. Ndinangomuuza kuti kwinakwake kuli mayi amene wadzuka m'mawa n'kupeza khola lili pululu, ndipo mayi ameneyo ndikumudziwa kulira kwake.

Kaya bamboyo anaba, kaya sanabe, sindikudziwa mpaka lero. Anamanganso mtolo wake n'kupita. Mwana wanga anatha masiku atatu osandilankhula. Tinkakhala pamphasa imodzi, aliyense ndi singano yake, madzi akumwa ankangondiikira pafupi.

Tsiku lachinayi kunabwera uthenga wa msuweni wanga wa ku Kasenengwa, kumene ndinabadwira, wondiitanira ku chiliza cha amayi ake. Apa m'pamene mutu unatseguka. Inali nyengo ija anthu akakolola amamanga ziliza pamanda a abale awo, ndipo pa chiliza chilichonse pamagwa mbuzi. Amene amapha ndi kusenda ndi adzukulu, aja okumba manda, ndipo kumeneko chikopa chimakhala chawo. Koma kasendedwe kake! Mpeni uku ndi uku, maboo ngati sefa, kenako n'kuchikhomera padzuwa mpaka chiume gwa ngati lata. N'chifukwa chake ndinali ndisanaziganizirepo. Ndinagula thumba la mchere, n'kukwera minibasi.

Ndinafika mbuzi ziwiri zitaphedwa kale, zili lende pamtengo. M'malo mopita kwa amayi anzanga kumiphika, ndinalunjika kwa adzukulu thumba lili pamutu. Paja mdzukulu pamwambo wotere pakamwa pake n'pomasuka, angakunyoze bwanji sukwiya. Mkulu wawo, nkhalamba ya dzino limodzi imene tinkasewera nayo tili ana, anandiona ndili patali.

"Taonani wa ku tawuni uyu. Mwabwera kudzasankha malo, mayi? Alipo abwino pamthunzi, tikusungirani."

"Mundikumbire chaka chamawa, achimwene. Lero ndabwerera malaya a mbuzi."

Nditapempha kuti ndisende imodzi, anaseka mpaka ena kukhala pansi. Mkazi kusenda mbuzi pa chiliza, amuna ali pomwepo? Ndinati ndikaboola chikopa ngakhale pamodzi pokha, mchere wonsewo ukhala wawo ndipo ine ndipita kukatsuka mbale. Mchere anaukonda, n'kundipatsa mpeni.

Ndinacheka mzere umodzi kuchokera kukhosi mpaka kumchira, n'kutsegula miyendo, mpeni n'kuuika pansi. Kenako ndinakunga chibakera n'kuyamba kuchikankha pakati pa nyama ndi chikopa, monga ankachitira amuna anga. Mbuzi ikadali yofunda, chikopa chimangovuka chokha ngati diresi. Kuseka kuja kunayamba kuchepa. Nditamaliza, wa dzino limodzi uja anachinyamula n'kuchiyang'anitsa padzuwa, kufunafuna boo. Anachitembenuza kawiri. Ndiye anauza anzake kuti mayi uyu asamamusiye yekha pafupi ndi munthu wogona, angamuvule khungu osadzuka. Yachiwiriyo anasenda yekha ndi chibakera, ine ndikumulozera.

Tinapangana kuti zikopa ndizigula pamtengo wake weniweni, makutu ali pomwepo, eni mbuzi akuona. Msuweni wanga anandifunsa monong'ona ngati anthu sadzaopa chikwama cha mbuzi ya pa chiliza. Ndinamufunsa ngati nyama imene anali kutafunayo ankaiopa.

Adzukulu amadziwa chiliza chilichonse cha m'deralo, tsiku lake ndi mbuzi zake. Ananditenga ngati mnzawo. Masiku asanu ndi anayi ndinayenda nawo midzi isanu, pena wapansi, pena pangolo, ndipo kupatula ziwiri zoyamba zija, mbuzi iliyonse ndinaiona ikulira, chingwe chili m'manja mwa mwini wake. Zikopa zinakwana khumi ndi ziwiri.

Nditafika ku Kapata, dzanja langa lamanja linali litatupa ngati chinangwa. Mwana wanga analiyang'ana, n'kundilanda mtolo, kukatenthetsa madzi n'kuyamba kundithowa. Anali atasoka yekha zikwama khumi ndi chimodzi. Za bambo wa njinga uja sitinazitchulenso.

Koma chisangalalo chinandipusitsa tsiku loyamba lija. Zikopa ziwiri za kwa msuweni wanga sindinazithire mchere wokwanira m'makwinya a pakhosi. Zitatuluka mu laimu zinali zitawola, chala chinkangolowa. Nthawi yofufuta zina panalibe. Tinasoka zotsalazo mpaka zala kuchita matuza, ndipo tsiku litakwana tinakwera basi ya ku Mfuwe ndi zikwama makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu. Njira yonse mwana wanga ankayang'ana pawindo, ine ndikusinkhasinkha za fakitale ya ku Lusaka ija.

Mayi wa shopu anaziyala patebulo. Ananunkhiza chimodzi, kukoka lamba ndi manja awiri, kutembenuza china kuti aone msoko wam'kati. Ndiye anafunsa za ziwiri zosowazo. Ndinamuuza zonse: za zikopa zopanda makutu, za ziliza, ndi za mchere umene ndinachepetsa. Ndinati ndikanatha kumubweretsera makumi atatu, koma khumi ndi ziwiri mwa izo sindikanadziwa kuti n'za yani. Anayendetsa chala pamsoko. Mwana wanga anandigwira chitenje mobisa ngati ali wamng'ono.

"Ndiye chikwama ichi mungandiuze mudzi wake?" anafunsa mayi uja.

Ndinachitenga n'kuona kachipsera ka pambali. Ndinamuuza mudziwo, ndi kuti inali mbuzi yakuda ya mayi wina wolima mtedza, imene inakodwapo pa waya ili yaing'ono. Anatola china, ndinamuuza. Chachitatunso chimodzimodzi. Anaitana mtsikana wa mushopu kuti abwere ndi pepala azilemba midziyo, aziika m'chikwama chilichonse.

Anatenga zonse. Potuluka anatiperekeza mpaka pakhomo, n'kunena kuti ziwiri zija tidzabwere nazo pamodzi ndi zina makumi anayi mvula isanagwe. Tinayenda mwaulemu mpaka kukhota pangodya ya shopu. Titangobisika, mwana wanga anavula nsapato, kumanga chitenje m'chiuno n'kuyamba kuvina pamsewu pomwepo, fumbi koboo. Ine ndi mawondo angawa ndinalowa m'bwalo, madalaivala a pasiteji akutiombera m'manja osadziwa n'komwe chimene chachitika.