Achemwali ndi Kabolodi Kosalankhula

Achemwali anga akaona chinthu chotsekedwa, manja amawayabwa. Ali mwana anamasula wailesi ya bambo, ndipo mkwapulo wa tsikulo sunawasinthe m'pang'ono pomwe. Lero amalemba mapulogalamu, osati amasewera apafoni ayi, koma apansi penipeni, aja amadzutsa kompyuta ukangoiyatsa.

Chaka chatha kuntchito kwawo kunabwera purosesa yatsopano, ubongo wa kompyuta, imene mapulani ake ndi osabisa: aliyense angathe kuwawerenga n'kupanga yake. Achemwali chimwemwe chinadzaza tsaya. Anadzipereka okha kusamutsira pulogalamu yawo pa purosesayo.

Vuto linali loti kabolodi kamagetsi kamene ankayeserapo purosesayo sikankanena chilichonse pulogalamu ikafera panjira. Ndiye iwo ankalemba mizere iwiri ya malamulo pakati pa pulogalamuyo: ukafika apa thwanimitsa kanyali ka pakabolodipo, kenako ima. Kakathwanima, ankadziwa kuti mpaka pamenepo zili bwino, n'kusunthira mizereyo kutsogolo.

Tsiku lina kanyali kanangoti zii. Milungu iwiri! Abwana awo anatopa, nati zikapanda kuyenda pofika Lachisanu, onse abwerera ku purosesa yakale. Kabolodiko kakanalongedzedwa m'katoni, pamodzi ndi thukuta la chaka chonse.

Lachisanulo masana ndinatseka shopu yanga yosoka n'kuwapititsira chakudya, poti anali atayamba kuonda. Ndinawapeza pakati pa mawaya, maso ali psu.

"Khala apa iwe, ndikufotokozere," anatero. Anthu a ntchito imeneyi akasowa pogwira amafotokozera aliyense, ngakhale telala ngati ine.

Anayamba kuwerenga mzere ndi mzere. "Apa imadzuka. Apa imakonza posungira zinthu. Apa imaima. Apa..."

"Imaima chifukwa chiyani, achemwali?"

Anangoti kukamwa yasa. "Mayo ine! Posuntha mizere ija ndinafufuta wa kanyali wokha, wa kuima ndinausiya pomwepa. Kakhala kakundimvera masiku onsewa!"

Anafufuta mzerewo n'kuyatsa. Mawu anayamba kutsika pa sikirini ngati mvula. Ndinakuwa, ngakhale sindinamvepo kanthu. Achemwali anandikumbatira mpaka khosi kuwawa.

Phokosolo linakoka abwana, amene anatulukira pakhomo katoni ili m'manja.

"Mwina zangochitika mwamwayi. Zimitsani, muyatsenso tione."

Achemwali anazimitsa. Ine mtima unali m'mwamba. Anayatsa, mawu anatsikanso.

Abwana anayang'ana sikiriniyo nthawi yaitali. Kenako anaika katoni pansi, nakoka mpando.

"Yatsaninso," anatero, akumwetulira. "Apa ndikungofuna kuonerera."