Ndakatulo Yomwe Inapha Tonde

Chisanu cha ku Zobwe chimanunkha utsi wa nkhuni zaziwisi, ndipo fungo limenelo limandikumbutsa chaka chomwe sukulu inandilavula. Tinkakhala pa njerwa zozizira, mapazi ali ming'alu yokhayokha, aphunzitsi akutiloweza mitundu ya ndakatulo za Chipwitikizi. Kwadara inali ya mizere inayi. Soneto inkatalika ngati ulaliki wa pa Pasaka. Ode inkatamanda anthu omwe sitinawaonepo. Ukasokoneza mainawa, palamatoriya, chithabwa chamabowo chomenyera ana, ankakukumbutsa pachikhatho.

Mayeso atayandikira, aliyense anapatsidwa ndakatulo yake yoti adzalakatule pamtima. Wolephera sankapitirira kalasi. Ine inandigwera elejiya.

Ndinkaibwereza mokuwa pakhonde, osamvapo ngakhale liwu limodzi. Amayi ankanyadira, mpaka tsiku lomwe akatekisi a m'mudzi mwathu anadutsa n'kuima kuti ayamikire.

"Mwanayu ali ndi mutu. Ndakatulo ya maliroyi akuitha."

Amayi anasiya kupeta. "Ya maliro? Watisiya ndani?"

"Palibe, mayi. Ndi mtundu wake chabe."

"Mtundu! Akulira maliro pakhomo pano, bambo ake ali pansi pa nthaka?"

Abambo ankakumba malasha mu mgodi ku Moatize. Kwathu nyimbo iliyonse inali ndi malo ake. Ya pamtondo inkathera pamtondo, ya dima kumunda, ndipo kuimba ya maliro popanda mtembo kunali kuitana mtembowo. Amayi anandiletsa.

Ndinasamukira kukhola la mbuzi, komwe ndinkalakatula nditatseka mphuno. Mbuzi zinkamvetsera bwino kuposa aphunzitsi, makamaka tonde wathu wamkulu. Pasanapite nthawi tondeyo anatupa mimba n'kufa. Anali atadya makoko a chinangwa chowawa, koma palibe anafuna kumva za makoko.

"Mwaona?" amayi anauza mudzi wonse. "Yayambira kukhola."

Tsiku la mayeso ndinaima patsogolo pa a padiri, ansembe a ku mishoni. Nditangoyamba mzere woyamba, amayi anatulukira pakhomo la kalasi, khanda lili kumsana, n'kunditseka pakamwa ndi dzanja lagaga.

"Pepani, abambo," anatero atagwada mwaulemu wonse. "Ngati mukufuna maliro, muyambire kwanu."

Kalasi yonse inagwa nacho chiseko. Aphunzitsi anandilembera ziro wonenepa, ndipo kusukuluko sindinabwererenso.

Nthawi imeneyo ndinkati amayi anditayitsa tsogolo chifukwa cha mbuzi yadyera. Mkwiyowo sunathe: anzanga omwe anapatsidwa kwadara lero ali m'maofesi, ine ndikusenza matumba a amalonda pamalire. Koma nditakula ndinafika ku Moatize, n'kuona akazi ataima pachipata cha mgodi, maso ali pa nkhope zakuda zomwe zinkatuluka imodziimodzi. Panalibe woimba kalikonse. Abambo anatuluka akutsokomola, koma amoyo. Amayi mpaka lero amati anawapulumutsa ndi iwo, ndipo ine ndilibe ndakatulo yowatsutsira.