Kalaliki wa pa windo lachitatu

Ku ofesi ya khonsolo ya boma kuli kalaliki wina wa imvi amene anzawo amangowatchula kuti Achidindo. Amakhala pa windo lachitatu. Pepala lililonse amaliwerenga kawiri, chala chikuyenda pansi pa mzere, ndipo munthu akadandaula kuti akumuchedwetsa, amangoti, "Chidindo chilibe maso, maso ndi angawa." Mabwana asintha kasanu ndi kawiri iwo ali pampando womwewo. Sakondedwa kwenikweni, koma sanabwezeredwepo pepala.

Chaka chino bomali linagawidwa pawiri, malire atsopano n'kutsata mtsinje. Mwezi watha kunabwera mayi wamasiye wa kutsidya, akufuna chikalata cha imfa ya amuna ake kuti alamu ake asamulande nyumba. Ku boma latsopano anamuuza kuti mabuku sanafike. Pa windo loyamba anamuuza kuti salinso wa kuno. Unali ulendo wake wachitatu.

Achidindo anamukodola.

"Bambowa anatisiya liti, mayi?"

"Kumapeto kwa Juni, bambo, pa 28."

Achidindo anatsegula kabati n'kutulutsa chikalata cha malire. Malirewo anayamba kugwira ntchito pa 1 Julaye.

Wa pa windo loyamba anasuzumira. "Achidindo, mutiputira mlandu. Amenewa ndi akutsidya."

"Mayiwa ndi akutsidya, sindikukana," anatero Achidindo akunyowetsa chidindo mu inki. "Koma amuna awo anamwalira ali athu."

Anadinda, n'kusayina, n'kupereka pepalalo ndi manja awiri.