Nkhanu ya ku Likoma pa Chala cha Amalume

Ndikukumbukira chaka chimene amalume a Lusekelo anakafunsira mbeta pa chilumba cha Likoma. Ine ndinalira masiku atatu mpaka amayi ananditenga. Pa doko la Chilumba anyamata a chipani anaona makadi athu, kenako anawakhazika amalume pamwala n'kuwameta mpala, ati tsitsi latalika. Munthu wokafunsira mkazi anakwera sitima mutu ukung'anima ngati chipanda.

Ku Likoma sitima inaima patali. Tinatsikira m'boti, kenako m'madzi ofika m'chiuno, amayi atasenza dengu la mpunga wa ku Hara wokapereka kwa apongozi. Mchenga unali mbuu, wootcha kumapazi. Padoko pankanunkha usipa, nkhwazi zikulira m'milambe, ng'azi zili ndandanda kuothera dzuwa pamiyala. Anzanga kusukulu anali atandiuziratu kuti ndikapanda kubwera ndi chamoyo cha pachilumba ndiye kuti ndanama. Ng'azi ndinaiopa. Ndinagwira nkhanu yaikulu, n'kuibisa m'dengu muja pansi pa nsalu.

Mtsikanayo dzina lake linali Esinala, ndipo bambo ake anali atabweza kale anyamata awiri chifukwa chosowa ulemu. Ndiye amayi anawalangiza amalume mwamphamvu: "Iwe Lusekelo, pamaso pa apongozi mutu pansi. Osayankhula, osadzikanda, olo kutsokomola. Woyankhula ndine."

Tinakhala pamphasa, nsapato titasiya pakhomo. Nkhani ili mkati, ndinaona nsalu ya padengu ikugwedera. Mayo ine! Nkhanu ija inatsika chammbali, mosafulumira, n'kukagwira chala chachikulu cha phazi la amalume. Ndinadziwa kuti amalume akangokuwa, ukwati watha, ndipo wautha ndine.

Amalume sanati kanthu. Thukuta linayenderera pampala paja, misozi ili mbwembwembwe, koma mutu uli pansi. Mayi a Esinala anawanong'oneza anzawo kuti, "Taonani chikondi, mpaka kulira!"

Bambo aja ndi amene anaiona nkhanuyo. Anaiyang'ana nthawi yaitali, osathandiza, kenako anaitsegula zibano ndi mpeni. "Mwana wangayu ali ndi pakamwa," anatero. "Koma munthu wopirira nkhanu chonchi amukwanitsa. Mutengeni."

Kuseri kwa mlambe amayi anandikudzula makutu mpaka anatentha. Nkhanu inaphikidwa, ndipo kusukulu ananditcha wabodza chaka chonse. Zinandiwawa zedi.

Masiku ano adzukulu anga amafunsirana pafoni, apongozi n'kumva nkhani itapsa kale. Palibenso wokhala pamphasa mutu pansi. Amalume anakhala ndi a Esinala mpaka ukalamba, ndipo pakamwa paja panalidi. Mkazi wawo akayamba kulalata, amalume ankavula nsapato, n'kundilozera chipsera cha pachala, amvekere, "Mphwanga, nkhanu yako ija inali yachifundo. Inandisiya tsiku lomwelo."