Mayi Wojambula Makoma

Matipate atangoyamba kumene, ine ndinali wojambula zithunzi woyenda pa njinga. Ndinkazungulira ku Milonde, ku Chinakanaka ndi m'malaini a antchito a m'minda ya tiyi, kamera ili m'khosi. Ntchito ndinkaidziwa: munthu avale zabwino, aime pafupi ndi maluwa kapena anyamule wailesi, ine ndiwerenge mpaka katatu. Filimu ikadzaza ndinkakwera minibasi kukatsukitsa ku Blantyre.

Loweruka lina ndikudutsa m'malaini a esiteti ina, ndinapeza mayi wina atawerama pakhomo la nyumba yopanda anthu, kamera yaikulu kuposa yanga ataiimika pa miyendo itatu. Banja lokhala m'nyumbamo linali litasamuka dzulo lake, bambo wa banjalo atapuma pa ntchito. Ndinasuzumira kuti ndione wojambulidwayo. Munalibe munthu. Khoma lokhalokha.

"Pepani mayi," ndinatero, "eni ake achoka. Ngati mukuwafuna ndikulondolereni kumene apita."

"Ndikudziwa kuti achoka, achimwene. N'chifukwa chake ndabwera."

Anandikodola kuti ndiyang'ane m'kamera mwawo. Khomalo linali lakuda ndi utsi, koma pamene pankakhala kalendala panali poyera mbee, msomali uli pamwamba pake. Pafupi ndi chitseko panali timizere ta makala toyezera msinkhu wa ana atatu. Ana awiri anakwera mpaka kufika pachifuwa panga. Wachitatu timizere take tinalekera m'chiuno.

"Uyu bwanji?" ndinafunsa.

"Inenso sindikudziwa. Mwina anapita kwa amalume ake, mwina ayi. Aliyense woona chithunzichi adzafunsa ngati mwafunsiramu."

Anandiuza kuti anakulira m'malaini ngati omwewo, bambo awo ali kalaliki wa pa sikelo yoyezera tiyi. Anakaphunzira zojambulajambula kunja, kenako anabwerera n'kuyamba kuphunzitsa pa sekondale ina ku Boma. Loweruka masana ankaphunzitsanso akuluakulu ofuna kudziwa kujambula. Ine ndinapita, osati kuti ndiphunzire, popeza ndinkadziona ngati katswiri kale. Ndinkafuna kudziwa chabe kuti munthu wojambula makoma angaphunzitse chiyani.

Tinalipo asanu: namwino, wapolisi, amayi awiri othyola tiyi, ndi ine. Tsiku loyamba kamera sitinaigwire n'komwe. Aphunzitsiwo anatigawira tizidutswa ta katoni toboola pakati, n'kutiuza kuti tizungulire bwalo la sukulu tikusuzumira pabowopo. Wapolisi uja anachita manyazi, n'kumabisala kuseri kwa mtengo kuti anthu odutsa asamuone.

Patapita masabata angapo anatipatsa ntchito ya kunyumba.

"Mujambule munthu wa pakhomo panu," anatero, "koma nkhope isaoneke. Ife tikaona, timudziwe kuti ndi wotani."

Ndinasankha mkazi wanga, amene ankagulitsa zinanazi m'mbali mwa msewu. Sabata yonse ndinkamulondola ndi kamera, mpaka anatopa nane.

"Kodi inu bambo, mwayamba ukazitape? Mukafuna kundijambula nenani ndimange duku labwino."

"Nkhope sikufunika."

"Ndiye mukujambula chiyani?"

Inenso sindinkadziwa. Lachisanu ndinangojambula manja ake akusenda chinanazi ndi kampeni kake kakale, kamene kanaonda chifukwa chonoledwa.

Chithunzicho chitatsukidwa, aphunzitsi anachiyang'anitsitsa. Kenako anafunsa, "Akazi anu ndi amanzere?"

"Ayi," ndinayankha msanga. "Amadya ndi dzanja lamanja ngati aliyense."

"Taonani mpeniwu."

Ndinaona. Mpeni unali m'dzanja lamanzere. Zaka zisanu ndi zinayi tili pabanja, tikudyera mbale imodzi, ine wojambula wodziwika dera lonselo sindinazindikire. Ndinapalasa njinga kubwerera kunyumba ndili ndi funso limodzi lokha. Mkazi wanga anaseka mpaka kupukuta misozi. Anati ali mwana, azakhali ake amene ankamulera ankamumenya padzanja ndi mthiko akagwiritsa ntchito lamanzere, akumukalipira m'Chilomwe, mpaka anaphunzira kudya, kulemba ndi kupatsa moni ndi lamanja. Koma mpeni wokha unakana. Akaugwira ndi lamanja ankadzicheka, ndiye ankasenda chinangwa mobisa kuseri kwa nkhokwe. Tsiku limenelo anandiuza zambiri za ubwana wake zimene ndinali ndisanafunsepo.

Aphunzitsi aja anakhala nafe zaka ziwiri, kenako anaitanidwa kukaphunzitsa ku koleji ina ku Blantyre. Ndinkangomva kuti zithunzi zawo zikupachikidwa m'maholo, ngakhale kunja kwa dziko lino. Mafoni okhala ndi kamera atachuluka, ntchito yanga yoyendayenda inatha, ndipo ndinatsegula kashopu kokonza njinga.

Ndinadzakumana nawonso kamodzi kokha, pa depoti ya ku Limbe, imvi zili mbuu m'mutu mwawo. Ankapempha kondakitala wina kuti awalole kujambula mipando yong'ambika ya minibasi yake anthu asanakwere. Kondakitalayo ankangowayang'ana modabwa.

"Achimwene a ku Mulanje!" anakuwa atandiona. "Mwabwera bwino. Tandigwirireni chikwamachi."

Ndinagwira. Minibasi yanga inadzaza n'kunyamuka ndikuiona, ndipo ndinadikira ina.