Gasi wa Pansi pa Nyanja, Makala a ku Neno

Bambo anga ndi amene anandikakamiza kuchoka ku Neno. Ankadwaladwala, koma anati mwana wamkazi akapeza sukulu ku Mangalande sakana. Ndinapita ku Leicester kukaphunzira za miyala. Ndinkagona m'kachipinda kozizira ku Oadby, ndipo Loweruka ndinkakwera basi kukasamalira nkhalamba ku Wigston kuti kwathu ndizitumizako kenakake. Sabata inkatha osamva liwu ndi limodzi lomwe la Chichewa.

Nditamaliza, kampani ina ya ku Nottingham inandilemba ntchito yowerenga zithunzi za miyala ya pansi pa nyanja ya North Sea. Pamalo amene gulu lathu linaloza anakaboolapo, n'kupeza gasi wochuluka moti tonse mu ofesi tinangoti kakasi. Abwana anati ameneyu adzaphikira anthu mpaka ana athu atakula.

Ndinaimbira foni achimwene anga a Lameki, amene ankasamala pakhomo, kuti akawauze bambo. Anandidula ndisanamalize. Bambo anali ataikidwa kale dzana lake. Anandibisira dala, ati ndikanathawa ntchito. Ndinalira ndekha m'galimoto, kenako ndinabwerera pa kompyuta.

Ndinapirira mpaka mapaipi a gasiyo atafika kumtunda, ndiye ndinapempha tchuthi n'kunyamuka ulendo wa kwathu.

Kuyambira pa Zalewa, m'mbali mwa msewu munali matumba a makala okhaokha. Mapiri amene ndinawasiya ali bii ndi mitengo anali atayera mbee. M'mawa mwake ndinapempha a Lameki kuti andiperekeze kumanda. Tinadutsa pamtetete wa zitsa, dzuwa likuswa mtengo, kenako iwo anaima. Ndinawafunsa kuti kwatsala mtunda wautali bwanji.

"Tafika, achemwali. Ndi pano."

Pamanda ponse panalibe mtengo ndi umodzi womwe. Kwathu mtengo wa kumanda sudulidwa. Tili ana, ngakhale nkhuni youma sitinkatolako, ndipo nkhalango yake inkaonekera kutali.

"Wachita zimenezi ndani, achimwene?"

Sanandiyang'ane. Anati mvula itavuta, kumapiri mitengo inali itatha, koma malole a ku Blantyre ankabwerabe kudzafuna makala.

"Ndi tonse. Inenso ndinadulako. Ana akanadya chiyani?"

Anandilozera mtumbira wa bambo, uli pambalambanda wopanda ndi kamthunzi komwe. Ndinagwada kuti ndipemphere. Chapafupi pomwepo uvuni wa makala unkafukabe, utsi wake ukundilowa m'maso.